Chikopa cha Galimoto ya Mtaliyana

Kuseri kwa nyumba ya bambo anga, kuno ku Tsangano, kunali shedi ya zigwagwa, matabwa otsala ku macheka aja, imene nkhuku zokha ndi zimene zinkalowamo popanda kuodira. M'katimo munali galimoto yofiira ya mipando iwiri basi, yaifupi ngati ikubisala, ya mphuno yaitali. Inakhala mmenemo zaka zoposa makumi atatu osasuntha. Anthu ankaitchula kuti mkazi wachiwiri wa bambo, chifukwa nthawi ya chisanu inkafunda lona wakewake pamene anafe tinkalimbirana bulangete limodzi.

Sinali yathu. Mawu amenewa ndinakula nawo ngati pemphero la m'mawa. Mwini wake anali Mtaliyana wina amene anali ndi makina ochekera matabwa tsidya la malire, ku Angoniya. Bambo anali okhoma zidebe, ndipo ndiwo ankamukonzera mathanki a madzi ndi mapaipi a utsi. Nkhondo itakula kumeneko, munthuyo anatulukira tsiku lina masana galimotoyo ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, poti petulo kunalibe. Pa chiwongolero panali mwana wake wamkazi, msinkhu wanga, milomo itauma ndi fumbi. Mtaliyanayo anaitana mwini sitolo ya misomali ndi utoto wa pamsika, Msilamu amene ankadziwana naye, kuti akhale mboni. Anauza bambo kuti amusungire mpaka adzabwere. Anasiya makiyi, nakwera lole ya mbatatesi ndi mwana wakeyo, ndipo sitinamuonenso.

Chimene chinawagwira mtima bambo sichinali liwiro lake, poti sanaionepo ikuthamanga. Mtaliyana uja anawauza kuti galimoto zoterozo zinapangidwa zowerengeka, ndipo thupi lake silinatuluke m'makina ayi. Analikhoma ndi manja amisiri a kwawo, pa zitsa za mitengo ndi matumba a mchenga, nyundo imodzi imodzi, mwakuti palibe ziwiri zofanana ndendende. Bambo akamwa pang'ono ankalowetsa dzanja kunsi kwa phiko la tayala, kumene kulibe utoto, n'kumamva timaenje ta nyundo. Ankati anakhoma imeneyi ndi anzawo. Ife tinkaseka, munthu wa mbaula ndi makeni othirira kabichi kudzitcha mnzawo wa azungu a ku Italiya.

Alongo anga atakula anapita ku chikamwini, wina ku Kasinje wina ku Champiti, ndipo pakhomo ndinatsala ndine. Nyundo ndinaitola chifukwa panalibe wina woitola. Amayi a kutchalitchi ankati mkazi wokhoma malata sakwatiwa. Ndinakwatiwa, ndinabereka awiri, ndipo mwamunayo anapita ku Joni kukafuna ntchito. Mpaka lero akuifunabe.

Tsono kunabwera chaka cha njala, ija anthu ankasinja mizu ya nthochi. Mayi anali atamwalira kale. Palibe ankagula chidebe, nanga atungiremo chiyani, madzi a phala lopanda ufa? Mwana wanga wamng'ono anayamba kutupa mapazi. Tsidya la malire chimanga chinalipo, koma amayi a kumeneko sankafuna malata athu amene amachita dzimbiri. Ankafuna ziwiya za aluminiyamu. Ine ndinkadziwa kumene kunali aluminiyamu.

Galimoto ija inaimikidwa mbali imodzi itatsamira khoma la shedi, mwakuti munthu sakanadutsapo. Lamlungu lina bambo ali kutchalitchi ndinazula zigwagwa zitatu kunja kwa khomalo, ndinatukula lona, n'kusenda chitseko cha mbali imeneyo. Mafupa a chitsekocho, timapaipi tating'ono, ndinawasiya. Ndinangochotsa chikopa chake. Ndinakhoma mabeseni atatu. Awiri ndinasinthitsa ndi chimanga. Lachitatu linang'ambika m'mphepete chifukwa nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti aluminiyamu imafuna kuifewetsa pamoto, ndipo ndinalitaya m'chigwembe cha kumunsi kwa dimba. Zigwagwa ndinazikhomeranso. Chimangacho tinadya tonse, bambo omwe, ndipo mwana uja lero ali ndi ana ake.

Ndinkati ndiwauza tikakolola. Titakolola ndinati ndiwauza akachira chifuwa. Kenako maso awo anayamba kuchita khungu, ndipo ndinadziuza kuti kuwauza tsopano n'kuwapha. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Zaka zinakwana makumi awiri ndikudutsa pa shedi ija nkhope nditatembenuza.

Mavuto anayamba ndi foni. Munthu wina wogula mbatatesi anasuzumira m'shedimo, anajambula mphuno ya galimotoyo, ndipo chithunzicho chinayenda kumene ine sindinafikeko. Anayamba kubwera anthu a nsapato zoyera, ena ochokera ku Lilongwe, ena ku Joni kumene. Ankazungulira shedi ngati afisi pa khola. Wina anatiuza kuti kunja kuli anthu olemera amene amasonkhanitsa galimoto zakale zotere, osati kuti aziyendera, koma kuti azingoziyang'ana, ndipo amakanganirana ngati ndi ufumu. Wina ananena kuti angatimangire nyumba ya njerwa zootcha ndi kutisiyira ngolo ndi ng'ombe zake. Bambo ankakhala pa mpando wawo wa ndalema, maso ali ku phiri limene sankaliona, n'kuyankha onse mofanana kuti si yawo. Lona sankalola kuti achotse kupitirira galasi la kutsogolo. Ine ndinkawatukwana anthuwo mokweza kuposa bambo, ndipo onse ankati ndine mwana wokhulupirika.

Tsiku lina mu Juni, chifunga chisanachoke, mwini sitolo uja anabwera yekha ndi ndodo yake, ndevu zitayera mbuu. Iye sayenda m'makomo mwa anthu popanda chifukwa, galu wamkota sakandira pachabe. Anakhala pansi, anapereka moni wautali, kenako anati chithunzi chija chafika kwa mwana wa Mtaliyana. Bambo ake anamwalira kalekale kwawo. Mwanayo waimba foni ku sitolo, ndipo afika pakatha masiku khumi ndi mmisiri wodziwa galimoto zimenezi, kudzatenga katundu wa bambo ake.

Bambo anavula chipewa. Kenako anati: «Afike. Aipeza monga anaisiyira.»

Ndinanyamuka ngati ndikukaona madzi pamoto, koma ndinakaima kuseri kwa nkhokwe. Bambo anga analibe chuma, analibe udindo, maso analibenso. Chimene anali nacho ndi chakuti pa Tsangano ponse munthu akafuna kunena za kukhulupirika ankatchula iwo ndi galimoto yawo. Pakatha masiku khumi ng'ombe zidzaikoka kuichotsa pakhoma, anthu a pamsika onse ali pompo, ndipo aliyense adzaona dzenje limene ndinaboola m'dzina lawo.

Munthu wanzeru akanapita kukagwada. Ine ndinapita kukafuna aluminiyamu.

Mwini sitolo anali ndi chipepala cha aluminiyamu chochokera ku lole yonyamula nsomba imene inagwa pa mtsetse zaka zapitazo. Ndinamupatsa makeni anayi atsopano. Anandifunsa kuti ndikufuna kukhoma chiyani, ndinati mabeseni. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, nati mabeseni ndi abwino. Sanawonjezere kanthu, ndipo ine ndinamukwiyira chifukwa cha kusawonjezerako.

Pakhomo sindikanakhomera. Munthu wakhungu makutu ake ndi anayi, ndipo bambo ankatha kudziwa ali m'nyumba ngati ndikupinda mkombero wa chidebe kapena ndikukhoma thako lake. Ndinasenza chipepalacho mpaka kudimba, kumunsi kwa chitunda, kumene kuli chitsa cha bulugamu. Chitsacho ndinachikumba pakati ndi sompho kuti chikhale ngati mbale. Ndinadzaza mchenga m'thumba la feteleza. Muyeso ndinautenga pa chitseko cha mbali inayo ndi katoni ndi waya, bambo akuwothera dzuwa, ine ndikunamizira kufuna mazira a nkhuku.

Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya masiku awiri. Chitseko si chathyathyathya ngati cha nyumba. Chimatupa pang'ono pakati, n'kulowa m'kati chakumunsi, n'kukhalanso ndi kamzera kamene kamayambira ku phiko la kutsogolo kukafera kumbuyo, ndipo kamzerako ukakayang'ana kamaoneka, ukakagwira kamasowa. Ndinkapaka mwaye pa chitsulocho, n'kuchiwamba pa moto wa zitsononkho mpaka mwayewo utapsa, ndiye kuti chafewa. Ndikakhoma pakati, m'mphepete munkachita makwinya. Ndikawongola makwinya, pakati pankaphwa. Tsiku lachitatu ndinaponya nyundo m'kabichi n'kutukwana amisiri a ku Italiya, akufa ndi amoyo omwe. Kenako ndinakaitola, nanga ndikanatani.

Pakhomo bambo anali pa chikonzekero. Analamula kuti pabwalo pasesedwe, khonde lizilidwe, ndi kuti tambala wamkulu asaphedwe mpaka alendo afike. Anatulutsa jekete yawo ya ukwati kuti iwombedwe mphepo. Makiyi a galimoto, amene ankakhala m'kachitini ka fodya, anawapukuta ndi phulusa. Madzulo alionse ndikabwera kudimba ankandifunsa kuti kabichi ali bwanji, ine n'kuti ali bwino.

Tsiku lachisanu la ntchitoyo anawonjezera mawu. Anati mphepo ya chaka chino ikuchokera kumunsi, ndipo ikubweretsa phokoso. Anati malata ukawamenya amalira ngati belu, koma chimene akumva iwo chikulira ngati munthu akupuntha thumba lonyowa. Ndinayankha kuti mwina ndi anthu a tsidya akukhoma mitondo. Anati mwina.

Ndinadziwa kuti akundipatsa mpata. Ndikunena izi poyera chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti sindinamve. Ndinamva. Koma chitseko chinali chitayamba kuoneka ngati chitseko, kamzera kaja kanali katatuluka, ndipo mumtima mwanga munalowa kanthu kena koipa kuposa mantha. Ndinayamba kunyada. Ndinkati ngati manja anga angathe kunamiza mmisiri wochokera ku Italiya, ndiye kuti palibe chinatayika, ndipo palibe choti ndiulule.

Tsiku lachisanu ndi chitatu linali Lamlungu. Mdzukulu wawo wamkulu, mwana wanga, anawatsogolera kutchalitchi, ine ndinati mutu ukundipweteka. Ndinazula zigwagwa zitatu zomwe zija, misomali yake ili yomwe ndinakhoma ndekha zaka makumi awiri zapitazo. Mafupa a chitseko anali pomwepo, akangaude atamangapo nyumba. Ndinavekapo chikopa chatsopano, n'kupinda m'mphepete mozungulira monga anachitira eni ake. Chinakwana. Kunsi kokha ndi kumene kunatsala kampata kolowa chikhadabo.

Utoto ndiwo unandisautsa. Galimotoyo kale inali yofiira ngati magazi, koma zaka zinaisandutsa mtundu wa njerwa yakale. Ndinasakaniza utoto wofiira wa zitseko za nyumba ndi dothi la katondo losefa, ndinapaka, ndipo utayamba kuuma ndinauwaza fumbi la m'shedi momwemo. Ndinafika mpaka potola zitosi za nkhuku n'kupakapo pang'ono. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, ndinaseka ndekha. Chinali ngati chinabadwira pomwepo.

Alendo anayenera kufika Lachiwiri dzuwa lili pamutu. M'mawa wa tsikulo bambo anadzuka chisanu chikadali pa udzu, anavala jekete ija, n'kundiuza kuti ng'ombe za neba zibwere tsopano, galimoto ituluke alendo asanafike. Anati mlendo salandirira katundu wake mumdima. Tinapopa matayala, awiri anagwira mpweya, awiri anakana. Tinamanga tcheni kunsi, ng'ombe zinakoka, ndipo galimotoyo inatuluka ikulira ngati chitseko cha nkhokwe. Kwa nthawi yoyamba chichokere utsikana wanga ndinaiona yonse padzuwa. Ngakhale inali ndi fumbi ndi mipando yodyedwa ndi makoswe, inali yokongola mochititsa manyazi. Neba anaima kukamwa kuli yasa mpaka ng'ombe zake zinayamba kudya maluwa anga.

Bambo anamuthokoza nebayo n'kumupempha kuti abwerenso masana. Anatuma mdzukulu wawo kuti akadikire alendo kumsewu. Tinatsala awiri.

Anayamba ku mphuno. Anayendetsa chikhatho pa boneti, pa phiko, pa chitseko chimene ankachidziwa, mpaka kumbuyo. Kenako anazungulira kupita mbali imene sanaigwirepo chiyambire kuchita khungu. Ine ndinaima nditagwira chitenje changa pakamwa. Anafika pa phiko la kumbuyo, anapitirira, dzanja linagwera pa chitseko changa. Linayenda pang'onopang'ono kutsata kamzera kaja mpaka kumapeto. Linabwerera. Anatsegula chitsekocho, n'kulowetsa zala m'kati kumene kulibe utoto. Kenako ananunkhiza chala chawo.

«Mayi,» anatero, poti ndi mmene ankandiitanira chimwalirire amayi anga, «nyundo iyi ndi ya pakhomo pano.»

Ndinafuna kukana, pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Koma iwo anapitiriza.

Anandiuza kuti ndilowe kuchipinda kwawo, kunsi kwa bedi kuli sutikesi, ndibweretse chimene chili m'thumba la shuga. Ndinapita ngati wogwidwa ndi tulo. M'thumbamo munali beseni laling'ono lopindika, long'ambika m'mphepete. Kunsi kwake kunali utoto wofiira ngati magazi, umene dzuwa silinauone zaka makumi awiri.

Ndinakhala pansi pakhomo pa chipindacho. Ndinadzuka chifukwa anandiitana.

Analandira besenilo n'kuliika pa maondo. Anati analipeza m'chigwembe sabata yomwe ija, akufuna bowa, maso akadali nawo. Anati anadziwa pomwepo kumene kunachokera chimanga. Kenako anandikumbutsa zimene munthu aliyense wa kuno amadziwa. Ukasungitsidwa ng'ombe ndipo yafa, kaya yathyoka mwendo, kaya mwaidya pa njala, susaka ina yofanana nayo mawanga kuti uimike m'khola. Umasunga chikopa. Mwini wake akabwera umamuyalira chikopacho pamaso pa mboni, n'kunena mmene inafera. Wobwezera ng'ombe ina mwakachetechete ndiye wakuba, ngakhale ng'ombeyo ikhale yonenepa kuposa yoyambayo.

Anati ndichotse chitseko changa alendo asanafike.

Apa mkwiyo wanga unabwerera, ndipo ndinalankhula zimene sindinayenere. Ndinawauza kuti ndagwira ntchito masiku asanu ndi atatu zala zitatupa kuti ndibise manyazi awo, osati anga. Ndinati anthu a pamsika adzawaseka. Ndinati chimanga chija iwonso anadya, ndipo sindinamve akufunsa. Anandisiya ndimalize. Atatero anati inde, anadya, ndipo chinali chokoma, koma nthawi ikutha.

Kuchotsa kunanditengera nthawi yochepa kuposa kuphika tiyi. Ndinawongola mphepete ndi tchizulo, chikopacho chinagwa pansi n'kulira ngati thumba lonyowa lija. Ndinachikokera m'shedi. Galimoto inatsala pabwalo nthiti zili poyera, ndipo msewu unayamba kumveka anthu.

Anabwera ambiri kuposa amene ndinkawaopa. Ogulitsa mbatatesi anasiya milu yawo, amayi a kutchalitchi anafika ndi ana kumbuyo, mwini sitolo anali patsogolo ndi ndodo yake. Pakati pawo panali mayi wachizungu wa imvi, wamtali, ndi kamdala kakafupi ka manja aakulu ngati makasu, kamene ndinadziwa kuti ndiye mmisiri. Kumsewu kunaima lole yokhala ndi makwerero onyamulira galimoto. Anthu atazungulira n'kuona dzenjelo, phokoso linatsika ngati wathira madzi pamoto. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti kodi ndi zimenezi.

Mayi wachizunguyo anagwada pamaso pa bambo n'kuwapatsa moni m'Chichewa cha tsidya chimene anachisiya ali mwana. Sanayang'ane chitseko. Anayang'ana chiwongolero, ndipo maso ake anadzaza. Ine ndinakumbukira milomo yake youma ija.

Bambo anapempha mphasa. Anaikapo makiyi, n'kuikaponso beseni lija chafufumimba, utoto wofiira uli m'mwamba. Anaitana mwini sitolo kuti ayandikire monga mboni. Ndinaona akukonza kukhosi, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna kuchita. Ankafuna kunena kuti ndiwo anadula. Munthu wa zaka zawo, wa jekete ya ukwati, anali pafupi kunama koyamba pamaso pa anthu chifukwa cha ine.

Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Ndinangoona kuti chimenecho chokha sindikanachipirira. Ndinagwada pamphepete pa mphasayo ndisanaganize, n'kunena kuti ndine. Ndinafotokoza za njala, za mapazi a mwana, za zigwagwa zitatu, za mabeseni awiri amene ali kwinakwake tsidya la malire ngati sanabooke. Ndinanenanso za masiku asanu ndi atatu a kudimba, utoto wa katondo ndi zitosi za nkhuku. Pa zitosipo wina anaseka, kenako anadzigwira.

Mwini sitolo anamasulira zimene mayiyo sanamve, mayiyonso n'kumasulira kamdala kaja. Mayiyo anatola besenilo. Analitembenuza, anapukuta utotowo ndi chala chachikulu, nati umenewu ndiwo mtundu umene amaukumbukira, osati wa pagalimotopo. Anafunsa ngati mwana wa mapazi otupayo ali moyo. Ndinamuloza, ataima kumbuyo ndi khanda lake pamsana, akulira chifukwa nkhaniyi ankaimva koyamba. Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali. Sananene kuti wakhululuka, sananenenso kuti wakwiya. Anangofunsa ngati angatenge besenilo pamodzi ndi galimoto, ndipo bambo anati ndi lake, ndicho chikopa cha katundu wake.

Kamdala kaja kanalibe nazo ntchito zonsezi. Kanali katagona kale chagada kunsi kwa galimoto, kakuwerenga manambala odindidwa pa chitsulo chake ndi tochi. Katatuluka kanalankhula mwaukali, ndipo mayiyo anati kakufuna kuona chitseko chabodzacho. Ndinachitulutsa nkhope ili pansi. Kanachiimika padzuwa, kanatseka diso limodzi, kanayendetsa chikhatho monga anachitira bambo. Kanafunsa makina amene ndinagwiritsa ntchito, ndinati chitsa cha bulugamu. Kanagwedeza mutu, kanandigwira dzanja n'kulitembenuza kuona zikang'a, kenako kanaloza kunsi kumene kunatsala kampata kaja n'kutsonya. Mayiyo anati kakunena kuti chikanakanamiza kwa tsiku limodzi, mwina awiri, ndipo kakanachizindikira kakanakayikira galimoto yonse, mpaka manambala omwe. Dzenje, kanatero, ndi losavuta kulikhulupirira.

Anaikweza pa lole dzuwa litapendeka. Tambala uja anadyedwa. Bambo anakana chilichonse chimene mayiyo anafuna kuwasiyira, kupatula bulangete limene anawafunditsa yekha pa mapewa. Lole itanyamuka anthu anaitsatira mpaka kumsewu, ndipo ena popita ankandiyang'ana cham'mbali. Ndinadziwa kuti pamsika nkhani ya mawa ndine, ndipo inakhaladi ine mpaka mvula inagwa.

Pabwalo panatsala mizere ya matayala ndi shedi yopanda kanthu. Bambo anali pa mpando wawo. Anandiuza kuti ndiwabweretsere chitseko changa. Anachiika pa maondo n'kuchisisita kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri, katatu, osafulumira. Pa kamzera paja chala chawo chinaima. Anati iwo pa moyo wawo wonse sakanatha kutulutsa mzere umenewo, ndipo n'zachisoni kuti ntchito yabwino chonchi ndinaigwirira bodza.

Ndinawafunsa chimene chinkandidya kuyambira m'mawa. Ngati ankadziwa, bwanji sanandifunse zaka zonsezi? Bwanji anandisiya ndikudutsa pa shedi ija ngati mbala tsiku ndi tsiku? Ndiponso, kodi iwo ankakhulupiriradi kuti Mtaliyana uja adzabwera?

Anati ayi. Anati nkhondo itatha n'kupita zaka zisanu osamva kanthu, anadziwa kuti munthuyo sadzabweranso, ndipo anthu a nsapato zoyera aja atayamba kufika, mtima wawo unkafuna ndithu nyumba ya njerwa zootcha. Koma galimoto ikanachoka, nkhani yanga ikanachoka nayo, ndipo ine ndikanafa nayo m'mimba.

«Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi ndinkakhala pano osalowa m'nyumba,» anatero. «Ndinkati mwina lero. Mzungu sindinkamudikira ayi, mayi. Ndinkadikira inu.»

Ndinawerenga m'mutu Malamulungu a zaka makumi awiri, ndipo ndinalephera kumaliza. Onsewo ndinkawapeza bambo ali pa mpando umenewo, chipewa chili pa bondo, ine n'kuwadutsa ndi ndowa ya madzi n'kuwauza kuti alowe m'nyumba, kunja kukuzizira.